MALO NDI MAPULANI ZIYAMBE, NJERWA ZITSATIRE: ZA KUKUZA SEKONDALE KU LISUNGWI

Pali chizolowezi china choipa chimene chazika mizu pa ntchito yomanga sukulu m'dziko muno, ndipo nthawi yakwana yakuti tichitchule poyera. Chizolowezichi ndi chomanga sukulu chidutswachidutswa. Chaka chino phungu wapeza ndalama, wamanga buloko ya makalasi awiri pamalo poonekera bwino kwa anthu odutsa mumsewu. Chaka chamawa kwabwera bungwe lachifundo, lakumba zimbudzi paliponse pamene lapeza danga. Chaka chinacho makolo aumba njerwa, amanga nyumba ya mphunzitsi m'mphepete mwa bwalo la mpira. Aliyense wa iwowa wagwira ntchito ndi mtima wabwino, nthungululu zalira, riboni yadulidwa. Koma pakatha zaka 10 timapeza nyumba zomwazikana ngati zitsa m'munda watsopano, ndipo tikafuna pomanga labotale kapena malo ogona atsikana tipeza kuti malo anatha kalekale.

Tikunena izi poganizira dera la Lisungwi m'boma la Neno, kumene anthu akuchuluka ndipo sekondale yoyendera ya kumeneko, pamodzi ndi zinzake za kumunsi kwa bomali, iyenera kukula ndithu, tifune tisafune. Mawu athu kwa akuluakulu a m'maofesi, kwa makhansala, kwa mafumu ndi kwa atsogoleri a m'madera ndi amodzi okha: njerwa ina isaikidwe pansi malo a sukulu asanayezedwe ndi kulembetsedwa, ndiponso pasanajambulidwe mapulani a sukulu yonse monga momwe idzakhalire zaka 30 zikubwerazi.

LISUNGWI SI MUDZI WA DZANA

Amene amaganiza kuti Neno ndi kuthengo kumene zinthu sizisintha ayambe wawerenga ziwerengero. Neno inakhala boma paiyokha mu 2003 itapatulidwa ku Mwanza. Pa kalembera wa mu 2008 m'bomali munali anthu oposa pang'ono 107,000; pa kalembera wa mu 2018 anakwana 138,000. Ndiye kuti m'zaka 10 zokha anthu anaonjezereka ndi 31,000, ndipo akapitiriza kuchuluka pa liwiro limeneli, chiwerengero chidzawirikiza kawiri zaka 30 zisanathe. Ana amene adzagogoda pa chitseko cha Fomu 1 mu 2035 anabadwa kale. Ali kumbuyo kwa amayi awo kapena ali m'makalasi oyambirira a pulaimale lero lino.

Lisungwi ali kuchigwa kotentha, m'dera la Mfumu Yaikulu Symon, kumene mtsinje wa Lisungwi umatsikira ku Shire. Kwa zaka zambiri ulendo wokwera kumapiri kupita ku boma la Neno unali wa msewu wafumbi ndi wamatope, pamene kumunsi kuno kuli phula ndiponso mphambano ya Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza ndi ku Tete umapatukira. Anthu amatsata msewu monga nyerere zitsata shuga. Mu 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno timalidziwa ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali, ndipo lero pa Lisungwi pali chipatala chimene chimakoka odwala, anamwino, madalaivala ndi ochita malonda. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, imene kampani ya Vale inayamba kumanga mu 2012, inadutsa m'boma lomweli. Mu 2025 World Bank inavomereza madola 350 miliyoni a ku America othandizira kumanga malo opangira magetsi pa Mpatamanga, pa Shire, m'malire a Neno ndi Blantyre. Zonsezi zikutanthauza mabanja atsopano, misika yatsopano, ndi kukwera mtengo kwa malo.

Pamwamba pa izi pali nkhani ya fizi. Mu 2018 Boma linachotsa fizi ya maphunziro m'sekondale zake, ngakhale kuti zopereka zina za pasukulu zinatsalira. Mu 2025 Boma linalengezanso kuti kuyambira mu Januwale 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu za Boma akhale aulere. Mwana amene kale ankatsalira pakhomo chifukwa bambo ake analibe ndalama tsopano adzafuna mpando wake m'kalasi. Walira mvula walira matope: amene wachotsa fizi wavomera kuti amanga.

PHUNZIRO LA 1994

Dziko lino linayendapo kale m'njira imeneyi, ndipo minga yake tikuidziwa. Pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Cholinga chinali chabwino, koma makalasi kunalibe. Ana anaphunzira pansi pa mitengo, ndipo Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanaphunzire ntchito. Mabala a nthawi imeneyo sanapole mpaka lero.

Sekondale zoyendera zimene timazitcha CDSS nazonso zinabadwa mothamanga. Chiyambi chake ndi Malawi Correspondence College, imene inakhazikitsidwa mu 1965 kuti iziphunzitsa kudzera m'makalata ndi pa wailesi ana amene sanasankhidwe kupita ku sekondale. Malo amene anawa ankasonkhanako, amene anthu ankangowatcha MCDE, ndiwo anasandutsidwa ma CDSS mu 1998. Dzina linasintha ndi cholembera, koma nyumba sizinasinthe. Zambiri mwa sukuluzi zinayambira m'makalasi obwereka ku pulaimale, ziribe labotale, ziribe nyumba ya mabuku, ziribe ngakhale pepala losonyeza pamene malo ake ayambira ndi pamene athera. Chikhalirecho ndizo zimene zimasenza ana ambiri a sekondale m'dziko muno, makamaka ana a alimi. Ndipo ngakhale ziri choncho, mwa ana amene amakhoza mayeso a Sitandade 8, amene amasankhidwa kupita ku Fomu 1 m'sukulu za Boma safika theka.

Tayerekezani ndi sukulu zakale zija: Blantyre Secondary School ya mu 1940, Zomba Catholic ya mu 1942, Dedza ya mu 1951. Sukulu zimenezi zinayamba ndi ana ochepa, koma amene anaziyambitsa anapatula malo aakulu, nadziwiratu pokhala makalasi, pokhala aphunzitsi, pogona ana ndi posewerera. N'chifukwa chake zinatha kukula kwa zaka zoposa 70. M'mera mpoyamba. Palibe lamulo lakuti nzeru imeneyi ndi ya sukulu za m'tauni zokha, ndipo mwana wa ku Lisungwi sali wochepa pamaso pa dziko poyerekeza ndi mwana wa ku Soche.

MALO CHOYAMBA

Pa zinthu zonse zimene sukulu imafuna, malo ndiwo okha amene sangagulidwe mawa pa mtengo wa lero. Simenti ikasowa chaka chino idzapezeka chaka chamawa. Koma malo oyandikana ndi sukulu akagawidwa kwa anthu, pakamangidwa magolosale, mabala ndi nyumba za lendi, kuwabweza kumafuna chipukutamisozi, milandu ya kukhoti ndi udani wa pachibale. Madzi akatayika saoleka.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Sukulu ya kalasi imodzi pa fomu iriyonse, ana 50 m'kalasi, imasunga ana 200. Ikawirikiza kawiri, ana ndi 400 m'makalasi 8; ikawirikiza katatu, ana ndi 600 m'makalasi 12. Ana 600 amafuna malabotale osachepera awiri, nyumba ya mabuku, holo yolemberamo mayeso, maofesi, ndi zimbudzi zambiri. Amafuna aphunzitsi oposa 20, ndipo aphunzitsiwo ali ndi mabanja. Bwalo la mpira wa miyendo lokha, pamodzi ndi m'mphepete mwake, limadya pafupifupi hekitala yathunthu. Pambali pake pafunika bwalo la ntchemberembaye. Phunziro la ulimi limafuna munda, ndipo khitchini ya ana ogonera imafuna nkhalango yakeyake. Munthu amene akupatsa sukulu yotere kachigawo kokwana mabuloko atatu, nati zina tidzaona m'tsogolo, akuimanga miyendo isanayambe kuyenda.

Njira ya malamulo iripo. Malamulo a za malo a mu 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula khomo loyeza ndi kulembetsa malo a makolo, ndipo lamulo la mapulani a malo la chaka chomwecho cha 2016 linaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa ndondomeko ya mapulani. Chotsalira ndi chakuti Mfumu Yaikulu, magulupu, eni minda yoyandikana ndi sukulu ndi akuluakulu a khonsolo akhale pansi, agwirizane malire, oyeza malo abwere adzaike mabikoni, pepala lisungidwe ku khonsolo, ku Unduna ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Amene ataya munda alipidwe mwachilungamo lero, mtengo usanakwere. Ndipo m'malire monsemo mubzalidwe mitengo, pakuti bikoni amazula usiku, koma mzere wa mitengo yaikulu umachitira umboni kwa zidzukulu.

Mawu apakamwa akuti agogo anapereka malowa ku sukulu satha kuima pa bwalo la milandu agogowo atamwalira. Sukulu zambiri m'dziko muno zataya mabwalo ndi minda yawo motere, ndipo amene anakhala chete pa nthawi yoyenera kulemba pepala ndiwo amafuula kwambiri malo atalowedwa.

MAPULANI A DZIKO LOTENTHA

Malo akapezeka, chachiwiri ndi pepala limodzi lalikulu losonyeza sukulu yonse: nyumba iriyonse imene idzamangidwe, ngakhale imene ndalama zake sizidzapezeka mpaka 2040, ikhale ndi malo ake ojambulidwa ndi nambala yake. Aliyense wobwera ndi thandizo, kaya ndi phungu, kaya ndi mpingo, kaya ndi dziko lakunja, asonyezedwe pepalalo, nauzidwe kuti chotsatira ndi ichi, ndipo chimangidwa apa. Wokana amuthokoze mwaulemu, apite ndi ndalama zake.

Mapulaniwo akhale a ku Lisungwi, osati ongokopera ku Dedza kapena ku Mzimba. Aliyense amene anafikako kuchigwaku mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti kalasi ya malata otsika, yopanda siling'i, ya mazenera aang'ono, imasanduka uvuni ikamakwana 11 koloko. Mwana amene thukuta likuchucha m'maso sangamve masamu, ndipo mphunzitsi amangoyang'ana wotchi. Mankhwala ake si a ndalama zambiri. Buloko iikidwe motalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya zipupa zazifupi zopanda mazenera. Mazenera akhale mbali zonse ziwiri moyang'anana kuti mphepo izidutsa. Denga likwere, likhale ndi siling'i ndi mipata yotulutsira mpweya wotentha pamwamba, ndipo khonde likhale lotambalala kuti lizitchinga chipupa. Pakati pa buloko ndi buloko pasiyidwe danga la mitengo ya mthunzi. Kutembenuza nyumba pa pepala sikulira tambala. Kuitembenuza itamangidwa n'kosatheka.

Mdani wachiwiri ndi mphepo ndi madzi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la magetsi la Kapichira pa Shire yemweyu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kum'mwera; sukulu zinatsekedwa, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Tiphunzirepo zinthu ziwiri. Choyamba, sukulu imangidwe pamtunda, kutali ndi njira za madzi, maziko akwezedwe, ngalande zikumbidwe nyumba zisanamangidwe. Chipupa chimangidwe ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera, ndipo mitanda ya denga imangiriridwe ku lambayo ndi zitsulo, osati kungokhazikidwa pa njerwa. Lamba yemweyo ndiye amagwira nyumba pa chivomerezi, ndipo amene akukumbukira za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 akudziwa kuti dziko lathu limagwedezeka. Chachiwiri, popeza tikudziwa kuti tsoka likagwa anthu adzathawira ku sukulu, holo, madzi ndi zimbudzi zikonzedwe poganizira zimenezo, kuti othawa akhale m'holo ndipo ana apitirize kuphunzira m'makalasi.

Za madzi ndi zimbudzi tisachite nazo manyazi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 Boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha matendawa. Mjigo ukumbidwe choyamba, chifukwa ngakhale omanga amafuna madzi. Zimbudzi zikhale kumunsi kwa mjigo, pa mtunda wosachepera mamita 30, za atsikana kutali ndi za anyamata, zokhala ndi chipinda chosinthira ndi madzi pafupi. Mtsikana amene alibe posinthira amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo masiku amenewo akaphatikizidwa pa zaka 4 amaonekera pa zotsatira za MSCE. Makomo ndi makonde akhalenso oti mwana woyenda pa njinga ya olumala athe kulowa popanda kunyamulidwa ngati thumba.

Pa nkhani ya njerwa, malamulo anaperekedwa kale. Mu 2018 malamulo a bungwe la NCIC analetsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha pa nyumba za Boma ndi za mabungwe. Woyenda pa msewu wa Zalewa amaona yekha matumba a makala ndi mapiri ometedwa mpala. Kungakhale kupusa kwakukulu kumaliza mitengo ya m'mphepete mwa Lisungwi pootcha njerwa zomangira kalasi imene mwana adzaphunziriramo za kuipa kodula mitengo. Mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa pa makina, zingaumbidwe pamalo pomwepo ndi anyamata ndi atsikana a m'deralo, ndipo ndalama zingatsalire m'midzi.

KALASI YOKHA SI SUKULU

Andale amakonda makalasi chifukwa amawerengeka msanga pa msonkhano. Koma zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa sekondale yeniyeni ndi sekondale ya dzina lokha sizikondedwa pa nsanja: labotale, nyumba za aphunzitsi, ndi malo ogona atsikana.

Mayeso a MSCE pa maphunziro a sayansi ali ndi gawo lochita ndi manja. Mwana amene kwa zaka 4 wangoona chithunzi cha maikulosikopu pa bolodi amapikisana ndi mnzake wa ku sukulu ya Boma yogonera amene wakhala akuigwira kuyambira Fomu 1. Tsono taonani chipongwe chake. Pa Lisungwi pali chipatala chofuna anamwino, oyeza magazi ndi osamala mankhwala, ndipo sukulu zophunzitsa ntchito zimenezi zimafuna munthu wokhoza bwino sayansi. Pa Shire, pafupi pomwepa, pali Nkula amene wakhala akuunikira dziko lino kuyambira 1966 ndi Tedzani kuyambira 1973, ndipo Mpatamanga ali m'njira. Kodi ana a m'dera limene mtsinje wake umayatsa magetsi a dziko lonse azingolembedwa ntchito ya ulonda pa geti ndi yonyamula matumba a simenti, pamene mainjiniya achokera kwina? Ngati yankho ndi ayi, labotale yokhala ndi madzi, magetsi ndi chipinda chosungira zipangizo ikhale m'gawo loyamba la ntchito, osati lomaliza.

Labotale yopanda mphunzitsi ndi nyumba ya akangaude. Mphunzitsi wa sayansi amene wamaliza maphunziro ake ku Domasi, ku Nalikule kapena ku Zomba akatumizidwa kudera kumene kulibe nyumba, amafika, naona, nayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Tisamunene kuti ndi wonyada. Nayenso ali ndi mkazi kapena mwamuna ndi ana. Lamulo la mapulani likhale lakuti buloko iriyonse ya makalasi awiri imangidwe pamodzi ndi nyumba za aphunzitsi amene adzaphunzitsemo.

Kunena za atsikana, aliyense wogwira ntchito m'maboma akudziwa za ana amene kwawo n'kutali, amene amachita lendi timanyumba ta pa malo a malonda, nadziphikira okha, popanda munthu wamkulu wowayang'anira. Pa msewu wodutsa magalimoto akuluakulu a ku Tete, kusiya mwana wa zaka 15 m'kachipinda kuseri kwa bala n'kumuika m'kamwa mwa ng'ona. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Lamulolo ndi labwino, koma lamulo silitseka chitseko usiku. Chimene chimatseka ndi hositelo ya mpanda, yokhala ndi madzi, magetsi a sola, khitchini, ndi nyumba ya mayi woyang'anira pafupi. Malo ake asankhidwe lero, mbali yakutali ndi msewu, ngakhale ndalama zake zitachedwa.

AMENE AMATI NDALAMA KULIBE

Alipo ena amene adzati zonsezi ndi maloto a anthu a m'maofesi. Ana ali pa dzuwa lero, timange makalasi msanga, mapulani adzatipeza. Tiwayankhe mosabisa. Mtengo woyeza malo ndi kujambula mapulani sufika ngakhale pa mtengo wa buloko imodzi, ndipo ntchitoyo ingathe m'miyezi yochepa, pamene mchenga ndi miyala zikututidwa. Chimene chimadya ndalama zambiri ndi buloko yomangidwa m'njira ya madzi, chimbudzi chokumbidwa kumtunda kwa mjigo, ndi denga limene mphepo yoyamba ya dzinja yalinyamula. Kuthamanga sikufika. Sitikunena kuti zonse zimangidwe chaka chimodzi. Tikunena kuti chirichonse chomangidwa, ngakhale chaching'ono, chigwere pamalo pake.

Ena adzati abwenzi akunja adzatimangira. N'zoona kuti atithandiza. Dziko la Japan linakuza ma CDSS angapo kuyambira mu 2010. World Bank inavomereza ntchito ya EQUALS mu 2019 yokweza maphunziro a sayansi ndi kukuza ma CDSS. Dziko la America, kudzera ku USAID, linamanga sekondale zatsopano kumidzi pa ntchito ya SEED, ndipo 30 zoyamba zinatsegulidwa mu 2023. Koma mu 2025 Boma la America linatseka USAID, ndipo amene ankadikira pakhomo pake anatsala manja ali m'khosi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso tidziwe kuti mwini thandizo akamasankha kokamanga, amathamangira kumene malo ali ndi mapepala ndipo mapulani ali okonzeka. Dera lokonzeka limalandira msanga. Dera lokangana malire amalidumpha.

Ena adzati anthu a kumudzi sadziwa za mapulani, tiwasiyire akatswiri. Amenewa ndiwo olakwa koposa. Nkhalamba ya pamudzi ndiyo imadziwa pamene madzi anafika chaka cha chigumula, pamene pali chiswe, pamene dothi limang'aluka m'chilimwe, ndi mbali imene mphepo yosasula madenga imachokera. Amayi ndiwo amadziwa njira imene atsikana amaopa kudutsa madzulo. Anthu a Neno si alendo pa ntchito ya manja: mishoni ya Matandani, imene inayamba mu 1908, inaphunzitsa amisiri a matabwa ndi omanga nyumba kwa zaka zambiri, ndipo sukulu zochuluka za m'dziko muno zinamangidwa ndi manja a makolo ndi achinyamata pa ntchito zodzithandiza. Katswiri abwere ndi tepi ndi pensulo, koma ayende ndi eni dera pamalopo asanajambule mzere. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo alipo ena, ochepa koma amphamvu, amene sakonda mapulani chifukwa mapulani amaulula. Pepala likanena kuti buloko iyenera kudya matumba akutiakuti a simenti ndi zitsulo za kukula kwakutikwakuti, kontirakitala amene amasakaniza thumba limodzi pa mawilibala osawerengeka a mchenga amagwidwa msanga, pamodzi ndi wa muofesi amene anasainira kuti ntchito yatha bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti watsopano wabisa ming'alu yambiri m'dziko muno. Chifukwa chake mapulani, mtengo wa ntchito ndi dzina la womanga zikhomedwe pa bolodi pa geti la sukulu, m'Chichewa, kuti kholo lirilonse liziwerenga.

ALIYENSE PA MPANDO WAKE

Kuyambira pa lamulo la maboma aang'ono la mu 1998, chitukuko cha m'madera chimayambira m'makomiti a m'midzi ndi a m'dera la mfumu, ndi kukathera ku khonsolo. Njira iripo, ndipo ntchito igawike motere. Mfumu Yaikulu ndi magulupu ake aitanitse msonkhano wa malire chaka chino. Bwanamkubwa wa Neno atumize oyeza malo ndi woona za mapulani, ndipo khonsolo ivomereze pa msonkhano wake kuti ndalama iriyonse ya sukulu, kuphatikizapo ya thumba la CDF limene lakhalapo kuyambira 2006, izitsata pepala limodzi lomwelo. A ofesi ya maphunziro ya chigawo cha South West ku Blantyre, amene amayang'anira sekondale za ku Neno, anene poyera chiwerengero cha ana amene sukuluyi idzasunge pofika 2030, 2040 ndi 2050, powerengera ana a m'sukulu za pulaimale zoizungulira. Unduna utumize akatswiri ake a zomangamanga. Ngati manja achepa, sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, imaphunzitsa ojambula nyumba, oyeza malo ndi owerengera mitengo ya zomanga. Kuchokera kumeneko kufika ku Zalewa si ulendo wogona panjira, ndipo ophunzira ake akufuna ntchito yeniyeni yoyesererapo luso lawo.

Kwa aphungu ndi makhansala, a lero ndi amene adzabwere, tikuti: mpando ndi wa zaka 5, sukulu ndi ya mibadwo. Musachite manyazi kumaliza chimene mnzanu anayamba, ndipo musaope kumanga chinthu chosaoneka kuchokera kumsewu. Ngalande, thanki ya madzi ndi nyumba ya mayi woyang'anira atsikana sizikoka makamera, koma anthu a m'dera amadziwa amene anawamangira. Kwa inu ogwira ntchito m'Boma, amene mumasainira mapepala: dzanja lanu likane kusainira buloko imene palibe pa mapulani, ngakhale wokutumani atakhala wamkulu chotani.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amanena za dziko lodzidalira, la mafakitale ndi la matauni atsopano. Mwana wa Sitandade 1 lero adzakhala ndi zaka zoposa 40 m'chaka chimenecho, ndipo ndiye adzakhale namwino, injiniya kapena mlonda, molingana ndi sukulu imene timukonzera tsopano. Ku Lisungwi mpata ukadalipo, pakuti tauni siinatseke mbali zonse. Mafumu aitane anthu, oyeza malo abwere ndi zida zawo, mabikoni alowe pansi mvula isanagwe.